Gudumu Lophunzira Kunama

Zaka makumi awiri ndili pansi pa mkuyu uwu pa Chitakale,
kuwongola magudumu a njinga za kabaza,
khutu pa sipoko, chala pa limu,
mpaka gudumu lileke kuyenda ngati chidakwa.

Ndiye Lezina, mwana wa mlongo wanga,
anabwera kuchokera kusukulu ndi chibonga chosalala.
Akuti sofutibolo, amalume:
wina aponya, wina amenya, kenako liwiro.
Ndinati liwiro la chiyani, waba ndani?

Womuponyera analibe.
Anzake akaweruka ndi ku tiyi, dengu kumsana,
ndipo phewa langa linatsala ku esiteti
chaka chomwe ndinagwa pa thirakitala.

Choyamba sichinavute:
paipi yong'ambika ndinaiimika m'chitini cha penti,
simenti yopempha kwa a Namakhwa,
mpira pamwamba phee, ngati dzira m'chisa.
Anamenya sabata imodzi, nati,
amalume, mpira woima ndi mpira wakufa.

Ndinaumangirira chingwe ku nthambi.
Unabwerera n'kumutupitsa mlomo.
Mayi ake anandimana moni mpaka Lamulungu.

Usiku wa chiperoni, denga likudontha,
ndinafukula mitembo ya njinga kuseri kwa shedi.
Magudumu awiri oyang'anizana, mpata wa chibakera pakati,
tcheni cha njinga ya malemu a Muhuwa,
nsungwi yong'amba pakati kuti mpira uzitsetserekamo,
neti ya udzudzu yotha ntchito kumbuyo,
mipira ya majumbo yokulunga ndi malegeni,
ine pa chishalo,
kupalasa ulendo wosafika kulikonse.

Woyamba unagwera pamapazi panga ngati papaya lowola.
Wachiwiri vuu! kuwoloka msewu
mpaka m'beseni la zinanazi la a Nampinga.
Ndinalipira zitatu.
Zinali zosapsa n'komwe.

Koma mvula isanayambe makina anagwira mutu.
Thi! Thi! kulira kwa chibonga
kukagunda thanthwe la phiri n'kubwerera,
akabaza kuiwala makasitomala,
kubetcherana ndalama zachitsulo m'fumbi,
ine thukuta kamukamu ngati ndikukwera chitunda ndi matumba a makala.

Tsiku la mpikisano anapita ku Luchenza pa lole.
Anabwera ali ndwii,
chibonga chikukwekwereka pansi.
Sanakhudze mpira ngakhale umodzi.
Makina anu ndi oona mtima, amalume,
amaponya pamodzimodzi ngati belu la ku fakitale.
Mtsikana wa ku Thyolo uja amakumwetulira,
dzanja likuti kumanja,
mpira n'kulowera kumanzere.

Ndinagona chagada mpaka tambala.

M'mawa ndinatenga kasipanala kanga,
komwe kaja kadyetsa ana anayi,
ndinamasula sipoko zitatu,
ziwiri n'kuzimanga mopitirira,
tayala limodzi ndinaliphwetsa pang'ono.
Chala chinkakana.
Zaka makumi awiri chikuphunzitsa magudumu chilungamo!
Gudumu linayamba kudzandira,
ine manyazi ngati ndavula pamsika.

Tsopano ngakhale ine wopalasa
sindidziwa komwe mpira upite.
Lezina aphonya, aluma mano,
aphonyanso, atukwana chamumtima,
apukuta manja pa siketi ya yunifolomu,
maso akusiya gudumu n'kutsata mpira wokha.
Wachisanu thi!
uko, pamwamba pa mawaya a magetsi,
kukatera m'mizere ya tiyi,
ana asanu ndi galu akuuthamangira.

Dzulo a Mukhito anabwera ndi njinga yawo yothyoka foloko.
Akudikira, anazunguza gudumu langa lija ndi chala,
analiyang'ana likupepesuka, anandiyang'ana ine.
Amisiri, ili mwaliiwala?
Kapena maso ayamba kutha?

Ndinati lisiyeni limenelo.
Lili pa ntchito.